A Malire ndi msewu wopanda mwini

Dzina lawo lenileni lilipo, koma pakampani yokonza mafiriji ija palibe amene amalikumbukira. Onse amangoti a Malire. Ngakhale mwana wawo wamkazi, namwino uja amakhala nawo, akafuna kuwakalipira amayamba ndi dzina lomwelo: "Inu a Malire, mankhwala a bondo aja mukusungira ndani?"

Ntchito yawo ndi yogawa amisiri. Munthu firiji ikamufera, amabukitsa pafoni, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imayang'ana kaye kuti nyumba yake ili m'dera la mmisiri uti, kenako n'kuona ngati mmisiriyo ali ndi mpata. Mpata ukapezeka, imamuuza tsiku. Ukapanda kupezeka, imamupepesa ndi ulemu wambiri, ulemu uja wa munthu amene sakumva chisoni n'komwe. Koma pulogalamu payokha sidziwa kuti dera la uje limathera pati. Pamafunika munthu wojambula malire pamapu, wotsegula mipata ndi kuitseka, wodziwa kuti mmisiri uyu lero waperekeza mkazi kuchipatala, uyo galimoto yake yadzuka ikutsokomola. Munthu ameneyo ndi a Malire.

Poyamba anali mmisiri ngati anzawo. Anayamba ntchito nthawi imene firiji inali firiji, yolemera ngati ng'ombe, yoti ukagula udzasiyira adzukulu. Osati zitini zamasiku anozi, zimene zimadikira kuti nthawi yobweza kusitolo ithe kenako n'kufa m'mawa mwake. Anakwera masitepe a nyumba zosanja botolo la gasi lili paphewa. Analumidwa ndi agalu a anthu amene ankalumbira kuti galu wawo saluma. Anamwetsedwa madzi ofunda m'nyumba zimene anali atangozikonzera firiji, ndipo nyumba zimenezo amazikumbukira zonse. Bondo lakumanzere litayamba kukana, eni kampani anawapatsa kachipinda kuseri kwa wekishopu: zenera limodzi loyang'ana pabwalo poimika magalimoto, fani yozungulira ikudandaula, ndi mpando wopendekera mbali ya bondo lodwalalo. Pakhoma panali mapu aakulu apepala, obowokabowoka ndi mapini.

Kompyuta itabwera, aliyense ankayembekezera kuti mkuluyu aiponya pazenera. Iwo eni ankayembekezeranso zomwezo. Amene anabwera kudzaiika ankawafotokozera zinthu mokuwa, ngati kuti kukalamba ndi kugontha. Chokwiyitsa n'chakuti pulogalamuyo inali yabwino. Dera lililonse linali ndi mtundu wake, ndipo malire unkangowakoka ndi kambewa ka kompyuta ngati ukukoka ulusi. Posakhalitsa a Malire anali ataikonda, ngakhale mpaka lero savomera.

Ndipo anaiphunzitsa khalidwe lawo. Mapu amene anthu aja anasiya anali a mizere yowongoka ngati mawindo a kalasi. A Malire anawapotokola onse. Mmisiri wina ankaopa agalu, choncho malire ake anakhota kuzemba nyumba ya mpanda wautali ija. Wina anasiyana moipa ndi mtsikana wa kuseri kwa sukulu, ndipo bambo a mtsikanayo anali ndi firiji yofa kawirikawiri komanso dzanja lofulumira; nyumba imeneyo inasamutsidwira m'dera la mnzake. Mukawaona mapuwo, m'mphepete mwa madera muli ngati nsalu imene mbuzi inayamba kudya n'kuisiya. Koma amisiri ankanyamuka m'mawa akuimba mluzu, ndipo a Malire ankadziguguda pachifuwa kuti pamapu awo palibe munthu wosowa mmisiri.

Amene ankawapweteketsa mutu anali awiri, Mlongoti ndi Kachitsa. Mainawo akunena okha. Mlongoti polowa m'wekishopu amawerama, Kachitsa poyendetsa galimoto amakhalira pilo. Awiriwa ndi pachilamu, Mlongoti anakwatira mlongo wake wa Kachitsa. Kale ankagwirizana ngati zala, mpaka tsiku limene Mlongoti anabwereka makwerero a mlamu wake n'kuwabweza akusowa sitepe imodzi yapakati. Kachitsa sanaone. Anakwera nawo bwinobwino kunyumba ya kasitomala, koma potsika phazi linaponda mphepo, ndipo anatsala akulendewera, miyendo ikupalasa, eni nyumba akuseka. Atafunsidwa, Mlongoti anangoti, "Ine sindinaone, alamu. Pajatu ine ndimalumpha masitepe awiriawiri."

Mawu amenewo ndi amene anaononga zinthu. Makwerero amakonzedwa ndi msomali, koma kumuuza munthu wamfupi kuti iwe umalumpha masitepe awiriawiri si nkhani ya msomali. Ndipo Kachitsa sanalakwe kusunga mkwiyo. Anthu obwereka zinthu n'kubweza zothyoka uku akuseka achuluka, ndipo achuluka chifukwa amakhululukidwa msanga.

Madera awo anali oyandikana, la Mlongoti labuluu, la Kachitsa lachikasu, moti ankakumana m'misewu ya m'malire n'kumaimbirana mahutala mwachipongwe. Tsiku lina Kachitsa analowa muofesi n'kutseka chitseko.

"Madala, ndichotseniko kumene kumadutsa nsungwi ija. Ndikadzaionanso ndidzaithyola."

A Malire anagwira malire achikasu n'kuwabweza pang'ono, mpaka pashopu ya matayala. Patapita masiku Mlongoti naye anatulukira, atawerama pakhomo.

"Akulu, malire anga akumtunda aja tawabwezani. Ndatopa n'kuyenda ndikuyang'ana pansi, kuopa kuponda munthu."

Foni inali ikulira, tiyi akuzizira. A Malire anagwira malire abuluu n'kuwabweza mpaka pangalande. Anawasiyanitsanso nthawi yopuma ndi yonyamuka, kuti wina akamadya wina akhale ali pantchito, wina akamalowa pabwalo wina akhale atatuluka. Mtendere unabwera, mkuluyu n'kudziyamikira.

Chimene sanaone n'chakuti pakati pa shopu ya matayala ndi ngalande panatsala kamzere koyera, kowonda ngati tsitsi, kobisala pansi pa zilembo za mapu. Kamzereko kanali msewu wathunthu, nyumba uku ndi uku, wopanda mmisiri. Pulogalamu siinadandaule. Ikanadandaula bwanji? Munthu wa mumsewuwo akabukitsa, inkafufuza dera lake, n'kulisowa, n'kumuuza mwaulemu kuti pepani, pakali pano palibe mpata, yesaninso. Ntchito yosabukitsidwa sifika pasikirini. Kwa a Malire zonse zinali myaa.

Mumsewu umenewo ndi mmene mumakhala amayi a makeke.

Anadziwana nawo mwana wawo atamaliza maphunziro aunamwino, iwo n'kupita kukaoda keke. Mayiwo ndi amasiye, oseka ndi thupi lonse, koma lilime lawo limadula kuposa mpeni wawo wa keke. A Malire nawo anali atakhala zaka zambiri chimwalirire akazi awo, ndipo ankaganiza kuti chitseko chimenecho anachikhoma kalekale. Koma Lamulungu lotsatira anapezeka abwerera kukathokoza. Linalo anabwerera kukagula keke ina. Adokotala anawaletsa shuga, choncho keke iliyonse inkathera kuwekishopu Lolemba m'mawa, amisiri mpaka kuyamba kumasula malamba. Palibe amene ankafunsa, chifukwa onse ankadziwa.

Pakhonde pa mayiwo pali benchi. Lamulungu lililonse masana a Malire ankakhala kumapeto uku, mayiwo kumapeto uko, makapu a tiyi pakati. Mkuluyu anali ndi funso limodzi limene ankabwera nalo sabata iliyonse n'kubwerera nalo kunyumba. Akati atsegule pakamwa, pankatuluka nkhani ya mapu. "Pamapu anga, mayi, palibe munthu wosowa mmisiri." Mayiwo ankangoti, "Eya," n'kuwathirira tiyi wina.

Tsiku lina pakati pa sabata, m'mawa, foni yawo ya m'thumba inalira.

"A Malire, muli pantchito?"

"Ndili pompano, mayi. Mwadzuka bwanji?"

"Ine ndadzuka, koma firiji yanga yaikulu ija siinadzuke, ndipo lero si tsiku loyamba. Ndakhala ndikubukitsa kukampani kwanuko ngati munthu wina aliyense, chifukwa sindifuna anthu aziti mayi uja amadyera benchi. M'mawa palibe mpata, madzulo palibe mpata. Aneba anga akuti iwo anasiya kalekale, akuti kampani yanu imadana ndi msewu uno."

"Sizingatheke zimenezo, mayi. Pamapu anga..."

"Mapu anuwo ndinawaloweza, ndikhoza kuwaimba. Loweruka ndili ndi makeke a ukwati wa eni ake. Kirimu ndi batala ndamwaza m'mafiriji a aneba, ndipo ana awo ayamba kale kusalala. Firiji iyi ikapanda kulira mawa, Lamulungu musavutitse bondo lanulo. Pabenchi palibe mpata. Pepani, yesaninso."

Foni inadulidwa.

A Malire analemba adiresi ya mayiwo ndi chala chimodzi, mwaukali, ngati akubaya munthu m'maso. Kompyuta inawapepesa nawonso. Anayang'ana mipata ya Kachitsa, ya Mlongoti, n'kuona kuti apa ndi apo mipata ilipo ndithu. Ndiye anayamba kukulitsa mapu. Katsitsi koyera kaja kanasanduka chingwe, chingwe n'kusanduka lamba, lamba n'kusanduka msewu. Pakati pa msewuwo panali denga limene ankalidziwa bwino kuposa lawo lomwe. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Msewu unali woyerabe. Fani inapitiriza kudandaula, ndipo tsiku limenelo inali ndi chifukwa.

Kukonza kwake kukanakhala kosavuta: kukoka chikasu, kuphimba msewu, kutumiza Kachitsa. Koma firiji imeneyo a Malire ankaiona Lamulungu lililonse kudzera pakhomo la khitchini. Inali ya zitseko ziwiri, yaitali pafupifupi kugunda kudenga, kompuresa yake, kainjini koziziritsa kaja, ili pamwamba, ndipo kalipentala wina wanzeru zochepa anaizinga ndi mashelefu mbali zonse ngati kuti firiji sidzafa. Akalipentala otere ndi ofunika kuwatsekera m'makabati amene apanga okha. Kuti munthu afike pakompuresa, firijiyo inayenera kukokedwa kaye n'kuitsitsa pakasitepe ka simenti. Inali ntchito ya anthu awiri.

Ntchito ya anthu awiri pulogalamu imailola pokhapokha nyumbayo ili m'dera la onse awiri, ndipo onse awiri ali ndi mpata nthawi imodzi. Amisiri ena anali kutali, mbali ina ya tauni, ndipo anali odzaza mpaka sabata yamawa. Panatsala anthu awiri okha padziko lapansi.

A Malire anapuma mozama. Anakoka buluu kuchokera pangalande mpaka pashopu ya matayala. Anakoka chikasu kuchokera pamatayala mpaka pangalande. Pamene mitundu iwiriyo inasanjikizana, msewu wa amayi a makeke unasanduka wobiriwira. Anayesanso kubukitsa.

Pepani, palibe mpata.

Anatsala pang'ono kuiponyadi kompyutayo pazenera. Kenako anakumbukira. Anali atawasiyanitsa anthu awiriwo mwaluso kwambiri moti sabata yonse panalibe nthawi imene onse anali omasuka limodzi. Mpanda anaumanga okha, ndipo unali wabwino kwambiri moti unawatsekera eni ake kunja.

M'mawa wonsewo anathera pafoni, kupempha makasitomala kuti asunthe. Mwini bala wina anavomera atawadandaulira kaye za mowa wofunda ngati kuti ndi maliro. Mayi wina anawauza mbiri yonse ya firiji yake, kuyambira amene anamugulira mpaka chimene anasiyanirana. A Malire, amene nthawi zonse amadula anthu otere pakati, anamvetsera mpaka kumapeto n'kumati, "Zoona, mayi, amuna ndi choncho." Kenako anasuntha nthawi yopuma ya alamu awiriwo n'kuiika pamodzi. Kabokosi kamodzi kanatseguka, mawa lake masana. Anakadina msanga kasanasinthe maganizo.

Pulogalamu ikagawa ntchito imatumiza uthenga kufoni ya mmisiri, ndipo imatchula amene agwire naye. Siibisa. Mafoni awiri analira pamodzi, ya patebulo ndi ya m'thumba, a Malire n'kuika imodzi kukhutu ili, ina kukhutu linalo.

"Madala, kompyuta yanu yapenga," anatero Kachitsa kumanzere. "Yandiika ndi nsungwi."

"Akulu, pali cholakwika," anatero Mlongoti kumanja. "Akuti ndigwire ntchito ndi munthu woti ndikamuika m'thumba ndimuiwala momwemo."

"Ndakumva iwe!" anakuwa Kachitsa, poti mawu anali atadutsa m'mutu mwa a Malire.

Mkuluyu anaika mafoni onse patebulo n'kuwatsegula kuti azimveka. "Tamverani nonse awiri. Keke ija mumadya Lolemba lililonse mumayesa imagwa kumwamba? Iwe Kachitsa umatenga kawiri, ndimakuona pazenera. Iwe Mlongoti umakulunga ina kupititsa kwa mkazi wako n'kukanama kuti wagula. Firiji yafayo ndi ya mwini keke. Ikapanda kulira mawa, Lolemba mudzamwera tiyi malovu."



"Ndi amayi aja?" anafunsa Kachitsa, mawu atatsika. "Amayi athu aja?"

"Si amayi ako."

"Mpaka pano? Madala, mukuchedwa pati?"

"Ine ndipita," anatero Mlongoti. "Ndikangoona nkhope ya munthu amene anachititsa akulu kuyamba kusita malaya."

"Inenso ndipita," anatero Kachitsa. "Koma makwerero ndibwera ndi anga."

Mawa lake a Malire anachita chinthu chimene sanachitepo chikhalire paofesi: anasiya kompyuta igawe yokha ntchito, iwo n'kutuluka masana. Mwana wawo anali atawaona kale m'mawa akulimbana ndi kolala pagalasi. "Adadi, kuntchito kuli phwando?" Iwo anangoti kuli nkhani ya malire. "Malirewo apatseni moni," anatero namwinoyo, n'kuwaponyera mankhwala m'thumba la malaya.

Khitchini ya amayi a makeke inali yotentha ndi uvuni, yonunkhira batala wosungunuka. Mathireyi anali paliponse, pampando, pazenera, pamwamba pa ndowa. Pakona firiji yaikulu inangoima duu, zitseko zili pululu. Mayiwo anawalandira ufa uli mpaka m'zigongono.

"Mwabwera nokha? Mukonza ndi bondo?"

"Anyamata ali m'njira, mayi. Kompyuta inangosokonezeka pang'ono. Zinthu zamasiku anozi."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera kukakanda ufa.

Magalimoto anafika kuchokera mbali ziwiri za msewu n'kuima moyang'anizana ngati atonde. Alamu awiriwo anatsika, anapereka moni kwa mayiwo mwaulemu wodabwitsa, aliyense akuwasuzumira a Malire n'kumatsinzinira diso. Koma atafika pafiriji, pakamwa panauma. Anamasula mashelefu osalankhulana. Pokoka firijiyo m'pamene anayamba kudutsira mwa mkuluyu.

"Madala, muuzeni akweze mbali yakeyo."

"Akulu, muuzeni kuti ndakweza kale, iyeyo ndi amene sakufika."

"Madala, muuzeni kuti..."

"M'khitchini mwanga mulibe womasulira," anadula amayi a makeke, mthiko wokandira ufa uli m'manja. "Mukufuna kulankhulana, lankhulanani. Simukufuna, tulukani mukatukwanirane pamsewu, ine ndiitane anthu ena."

Firiji inatsika pakasitepe bwinobwino, Mlongoti atagwira pamwamba, Kachitsa atalowa kumbuyo pamene munthu wina aliyense sakanakwana. Kenako Kachitsa anaimika makwerero ake. Anaponda sitepe yoyamba, anaigwedeza, n'kumuyang'ana mlamu wake. Anaponda yachiwiri, anaigwedeza, n'kumuyang'ananso. Anachita choncho mpaka pamwamba, ngati mphunzitsi wobwereza phunziro kwa mwana wosamva. Koma pansi panali ufa, ndipo atangoweramira pakompuresa, miyendo ya makwerero inatsetsereka. Dzanja lalitali linafika lisanaitanidwe. Linagwira makwererowo, ndipo silinafulumire kuchoka. Kachitsa anayang'ana dzanjalo. Patapita kanthawi anatambasula lake osatembenuka, ndipo sipanala yoyenera inagwera m'menemo.

Vuto linali kafani koziziritsa kompuresa, kanali katapsa. Kachitsa anali nako kena m'galimoto, Mlongoti n'kukatenga ndi masitepe ake aatali aja a Malire atagwirizira makwerero. Zinthu zinkayenda bwino kwambiri moti mkuluyu anayamba kupuma ngati munthu. Apo m'pamene mayiwo anaika makapu patebulo n'kufunsa mosaonetsa kanthu.

"Koma ana inu, tandiuzani. Nthawi yonseyi munatanganidwa chotani kuti msewu wonse uno usowe mpata?"

"Ine mayi, kuno si kwanga," anayankha Kachitsa ali m'mwamba. "Kwanga kumathera pashopu ya matayala."

"Kwanganso kumathera pangalande," anatero Mlongoti.

Sipanala inasiya kulira. Poti wina anali pamakwerero, nkhope za alamu awiriwo zinali pamzere umodzi, mwina koyamba chibadwire. Anayang'anana. Kenako onse anatembenukira kwa a Malire, amene anali atayamba kuwerenga mwachidwi zolembedwa pathumba la ufa.

"Alamu," anatero Kachitsa pang'onopang'ono, "pakati pa matayala ndi ngalande pali chiyani?"

"Pali ife tino, alamu."

Chiseko chimene chinaphulika chinagwedeza makwerero. Kachitsa anagwira phewa la Mlongoti kuti asagwe, Mlongoti akupukuta misozi ndi kolala.

"Amuna ena amagulira amayi maluwa," anatero Kachitsa akubanika, "madala athu amawafufuta pamapu!"

"Msewu wonse, alamu! Ndi aneba omwe, kuti pasakhale mboni!"

Ana amasiku ano ndi choncho. Munthu wawasungira mtendere nthawi yonseyi, wawazembetsa, wawakhotetsera malire, ndipo tsiku limene agwirizana, agwirizana pa iwe.

Amayi a makeke sanaseke. Anapukuta manja pa epuloni n'kuima patsogolo pa mkuluyu.

"Ndiye kompyuta inasokonezeka?"

"Siinasokonezeke, mayi. Ndinakoka ndine. Anawa ankalimbana, ndiye ndinabweza uyu, ndinabwezanso uyu."

"Osayang'ana chimene chatsala pakati?"

"Msewu uno ndimaudziwa ndi miyendo, mayi. Pamapu sindinkauyang'ana. Ndinkangoti ulipo."

"Ndiye Lamulungu lililonse mumakhala pabenchi panga, kumwa tiyi wanga, kundiimbira nyimbo ya mapu, ine ndili m'tchire lopanda mwini?"

"Pano ndakonza. Ndi wobiriwira tsopano."

"Wobiriwira ndiye kuti wa ndani?"

"Yankhani bwino, madala," ananong'oneza Kachitsa mokweza. "Mpata ndi umenewu."

 Funso lija la a Malire linakwera mpaka pakhosi. "Mukalola, mayi, ine ndinkati... dera limeneli..."

"Ayi, ayi. Ine si msewu woti muzindipaka utoto. Ndipo nkhani zotere sanenera pamaso pa ana, thukuta lili kamukamu, uvuni ukuyaka."

Nthawi yomweyo Kachitsa analumikiza waya womaliza, Mlongoti anayatsa pakhoma, ndipo firiji inatsokomola kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza. Mayiwo anaika dzanja mkati, anadikira, nkhope n'kumasuka pang'onopang'ono. Anadula keke zidutswa zazikulu ziwiri n'kupatsa alamuwo. A Malire anawapatsa tiyi wopanda shuga.

"Lamulungu mpata ulipo," anatero akuwaperekeza pakhonde. "Koma ndichita ngati kampani yanu. Ndidzakuonani nthawi ina iliyonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mudzakhale mulipo. Ndikadzatuluka n'kupeza palibe munthu, mudzayambirenso kubukitsa."

Lamulungu a Malire anafika mame asanaume. Anakhala kumapeto kwawo kwa benchi, chipewa pabondo. Chitseko chinali chotseka, koma mkati munkamveka mbale, wailesi, ndi firiji ikung'ung'udza bwinobwino. Dzuwa linakwera. Aneba opita kutchalitchi anawapatsa moni, pobwera anawapatsanso moni, wina n'kuwafunsa ngati tsopano angabukitse. Iwo anati angathe, ndipo anapepesa ndi pakamwa pawo, zimene zimawawa kuposa bondo. Chakumasana foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga unali wochokera kuseri kwa chitseko chomwecho: tili m'njira, pepani pochedwa. Mkuluyu, amene anatumizira anthu mawu amenewo kwa zaka zambiri, anawawerenga kawiri n'kuvomereza kuti ndi mawu onyansa.

Mthunzi wa khonde utayamba kutalika, chitseko chinatseguka. Mayiwo anatuluka atavala diresi labwino, makapu awiri ali pathireyi. Sanaike thireyiyo pakati monga mwa nthawi zonse. Anaiika pansi, iwo n'kukhala pamene pankakhala makapu.

"Nenani tsopano zimene mwakhala mukuzizungulira. Koma mukangotchula mapu, ndikulowa."

A Malire ananena. Sananene bwino, anayambira pakati n'kubwerera kumayambiriro, koma ananena zonse, ndipo mapu sanawatchule.

Lolemba kuwekishopu kunafika keke yaikulu kuposa zonse zam'mbuyo, ndipo siinali yogula. Kachitsa anatenga kawiri, Mlongoti anakulunga ina, ndipo anadyera pabwalo limodzi akukangana za amene anagwira mbali yolemera ya firiji. Nkhani ya makwerero siinathe, imabukabe, ndipo ndi bwino kuti izibuka, chifukwa kupepesa Mlongoti sanapepese. Koma palibe amene anabweranso muofesi kudzapempha kuti malire abwezedwe. Kamzere kobiriwira kalipobe pakati pa buluu ndi chikasu. M'mawa uliwonse, asanatsegule mipata, a Malire amakulitsa mapu n'kuyenda nawo m'mphepete mwa madera onse kufunafuna poyera. Akafika pobiriwirapo amachedwapo pang'ono, ngakhale kuti tsopano ndi kumene amadzukira.